Za mwana wanga wolira madzulo uja, nayu mmene alili pano

Amayi anzanga ndi nonse amene munandiyankha, zikomo kwambiri. Ndinafunsa za mwana wanga, nthawiyo ali ndi masabata 6, amene ankalira maola ambiri madzulo alionse, mimba itauma gwa, akupinda timiyendo, komanso ankatha masiku osachita chimbudzi.

Ndinatsatira amene munati ndiyambe ndapita naye kuchipatala. Anamwino anamuyeza, kenako anati ndimuyamwitse iwo akuona. Vuto linaonekera pomwepo: ankangogwira nsonga ya bere, n'kumameza mpweya wambiri. Anandisonyeza kudikira mpaka atsegule kukamwa kwambiri, chibwano chigunde bere, mlomo wam'munsi utembenukire kunja. Kaphokoso kamene ndinkamva akamayamwa kanatha, nanenso mawere anasiya kundiwawa.

Akatha kuyamwa ndimamunyamula paphewa mpaka ageye, sindithamangira kumugoneka. Kumusisita pamimba mofatsa ndi kumuyendetsa timiyendo ngati akupalasa njinga kumathandiza kuti mpweya utuluke. Kulirako sikunathe lero ndi lero ayi, kunkachepa pang'onopang'ono. Pano wadutsa miyezi itatu ndipo madzulo amakhala phee.

Za chimbudzi, anamwino anati mwana woyamwa bere lokha akapitirira masabata 6 amatha kukhala masiku angapo osachita, bola chikabwera chikhale chofewa. Zomumwetsa madzi kapena mankhwala azitsamba sindinachite, chifukwa asanakwane miyezi 6 bere limamukwanira. Koma mwana akatentha thupi, akasanza zobiriwira, akakana bere kapena mukaona magazi m'chimbudzi, chonde musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala.