Khoti lingafafanize bwanji lamulo lopangidwa ndi aphungu?

Chibavi_Kabaza:
Abale ndithandizeni, dzulo pa siteji tinakangana mpaka makasitomala kutidutsa. Mnzanga akuti za vakabu zija anazithetsa ndi a khoti, ine ndikuti ayi lamulo amapanga ndi aphungu ku Lilongwe omwe tinawavotera tokha ndiye jaji amene sitinamuvotere angalichotse bwanji? Ine ndimalawira 4 koloko kukadikira mabasi ku depoti ndiye nkhaniyi ikundikhudza kwambiri.

NyaKatoto:
Achimwene mnzanuyo akunena zoona. Aphungu ndi akuluakulu ndithu koma nawonso ali ndi bwana wawo, malamulo oyendetsera dziko aja a 1994, konsitichushoni. Gawo 5 limanena kuti lamulo lililonse kapena chilichonse chomwe boma lachita chikasemphana ndi konsitichushoni ndiye kuti chilibe mphamvu, ndipo oyeza ngati zasemphana ndi a High Court. Mlandu wotsutsa lamulo la vakabu anauyambitsa ndi venda, a Mayeso Gwanda, anawagwira mbandakucha ku Blantyre akupita kokagulitsa majumbo, iwo osangolipira faindi nkumapita kwawo ayi anakamang'ala, mu 2017 majaji atatu anagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, buku la milandu ndi zilango zake, likuphwanya ufulu wa anthu poti limangogwiritsa amphawi. Munthu wogulitsa majumbo kugwetsa lamulo lomwe linachokera kwa atsamunda, ine mpaka lero zimandikhudza mtima. Koma dziwani anachotsa kachigawo kokhako, munthu akapezeka ndi katundu wakuba usiku amangidwa basi.

Luwinga77:
Mwaiwala za 2020? Pa 3 February majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, cha tipeksi chija, a Supreme Court nkuvomereza, tinavotanso pa 23 June. Ngati zinatheka pa mpando wa pulezidenti nanji kalamulo kamodzi

Chibavi_Kabaza:
Ndamva asisi zikomo. Nanga aphunguwo akakwiya sangangosintha konsitichushoniyo kuti ziwakomere?

NyaKatoto:
Amasintha koma si zophweka ngati malamulo wamba, pamafunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse avomere, ndi mmene anachitira mu 2017 pokweza zaka zoti munthu ndi mwana kufika 18. Mu 2002 anayesa kuchotsa malire a matemu a pulezidenti mavoti anaperewera. Ndiye pali magawo ena monga a ufulu wachibadwidwe amene kuti asinthe tanthauzo lake mpaka tifunsidwe ife eni ake pa riferendamu.

Agogo_aZolozolo:
Mwanawe poti umayenda usiku sunga ichi, gawo 42 la konsitichushoni. Akakumanga akuuze chifukwa chake m'chiyankhulo chomwe umamva, kaya Chitumbuka kaya Chichewa, uli ndi ufulu wokhala chete, ndipo pasanathe maola 48 akutengere kukhoti, ikakhala wikendi ndiye tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Ife tinakula nthawi ya chipani chimodzi munthu ankangosowa zaka osaonekera kwa jaji. Ndalama ya loya ikasowa pita ku Legal Aid, ofesi ilipo konkuno ku Mzuzu.