Kodi "bummer" nde kuti chani abale?

Odziwa Chingerezi cha ku America ndithandizeniko. Kuntchito kwathu kuli mzungu wina wa ku California, dzulo nditamuuza kuti mpira wathu walephereka kamba ka mvula anangoti "bummer" basi nkumapita, ine kudabwa poti "bum" yomwe ndimaidziwa ndi matako, ndimaona ngati wanditukwana. Mnzanga akuti ayi, zili ngati kunena kuti "zabowa" kapena "zachisoni".

Nde funso langa, mawuwa ndi a tinthu ting'onoting'ono tokha ngati kuphonya minibasi, kapena munthu akakuuza za maliro ungayankhenso choncho? Ine zimenezo ndikuona ngati mwano ndithu. Kwa abwana bwanji? Palinso "downer", ndi chimodzimodzi kapena amanena munthu wogwetsa anzake ulesi?