Thandizeni pa Access: subform yanga ikubereka Bayoloje tsiku lililonse

Akuluakulu a pagulu pano, ndakupezani. Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera, ndipo a hedi anandisenzetsa ntchito yosunga malikisi chifukwa chongondiona ndikubwera ndi laputopu. Poyamba zonse zinali mu Excel, mwana aliyense mzere wake, maphunziro atandandalikidwa pamwamba. Ku Fomu 1 ndi 2 zinkayenda. Ku Fomu 3 ndi 4 ndiye kunavuta, poti wina atenga Physics ndi Chemistry, mnzake Bible Knowledge ndi History. Mabokosi opanda kanthu anachuluka, osadziwanso ngati mwana anajomba mayeso kapena phunzirolo satenga n'komwe.

Ndiye ndinasamukira ku Access 2016, pulogalamu ya Microsoft yosungira zinthu m'matebulo olumikizana. Ndinapanga matebulo awiri, tblAna ndi tblMaphunziro, kenako fomu ya ana (ndikunena fomu ya pakompyuta, osati Fomu 3, musandiseke). M'munsi mwake ndinakokeramo tblMaphunziro kuti ikhale subform (kafomu kokhala mkati mwa fomu yaikulu), ndipo kuti zigwirane ndinaika MwanaID, nambala ya mwana, mu tebulo la maphunzirolo. Lero ndatsegula tebulolo ndapeza Biology, Bayoloje, Bio ndi Biologe, zonse mobwerezabwereza, malinga ndi amene ankalemba tsikulo. Aphunzitsi a phunziroli atapempha mndandanda wa ana awo, ndinawapatsa mapepala anayi osagwirizana. Ndalakwitsa pati? Nanga malikisi akhale mu tebulo liti, la ana kapena la maphunziro? Teremu ikutha, malipoti akudikira.

Woyankha woyamba:
Aphunzitsi, fomu yanu ilibe mlandu, vuto lili pansi pa matebulo. Mwana mmodzi amatenga maphunziro angapo, phunziro limodzi limatengedwanso ndi ana ambirimbiri. Ubale wotere matebulo awiri sangausenze. Pakufunika lachitatu lapakati, ngati nkhoswe. Litcheni tblKulembetsa. Mukhale MwanaID, PhunziroID, Chaka, Teremu ndi Malikisi. MwanaID ija muichotse mu tblMaphunziro, tebulo limenelo likhale ndi Bayoloje mmodzi yekha mpaka kalekale.

Funso lanu la malikisi layankhika pomwepa. Tinene kuti mwana wapeza 67 pa Bayoloje. 67 ameneyo si wa mwana payekha, poti mwanayo ali ndi manambala ena asanu ndi awiri. Si wa Bayolojenso payekha. Ndi wa mwana uyu, pa phunziro ili, teremu iyi, ndiye malo ake ndi kwa nkhoswe. Mukatero pitani ku Relationships, mukoke mizere iwiri kuchoka ku matebulo akuluwo kupita ku lapakati, muchonge Enforce Referential Integrity pa yonse.

Wachiwiri:
Zonsezi n'kuzungulira. Ingopangani Lookup mu tblAna, muchonge Allow Multiple Values, muzingochonga maphunziro a mwanayo. Mphindi ziwiri zatha.

Woyamba uja:
Achimwene, musawaponye m'dzenje lina asanatuluke m'loyamba. Chimenecho chinabwera ndi Access 2007, ndipo mkati mwake Access imapangabe tebulo lapakati, koma lobisika, simungaonjezeremo kanthu. Malikisi akaikidwa pati? Teremu?

Wachitatu:
Ine ndionjezere za fomu, poti n'zimene mwafunsa. Fomu yaikulu ichokere ku tblAna, subform ichokere ku tblKulembetsa, osati ku tblMaphunziro. Apa ndi pomwe ambiri timagwa, inenso ndinagwapo pamene ndinkapanga ya mabuku obwereketsa. Subform ikhale Continuous Forms kapena Datasheet. Mukaidina m'mphepete n'kutsegula Property Sheet, pa Link Master Fields ndi Link Child Fields ponse pakhale MwanaID. Zikatero mukasuntha kupita kwa mwana wina, m'munsimo mumasinthanso, ndipo mzere watsopano umalandira wokha nambala ya mwanayo.

Pa phunziro musaike bokosi lolembamo, ikani combo box, bokosi losankhiramo pa mndandanda. Control Source yake ikhale PhunziroID ya tblKulembetsa, Row Source itenge PhunziroID ndi dzina kuchokera ku tblMaphunziro. Column Count 2, Bound Column 1, Column Widths 0cm;5cm. Ziro ameneyo amabisa nambala, munthu aziona dzina lokha pomwe chosungidwa ndi nambala. Limit To List ikhale Yes. Wofuna kulemba Biologe akanidwa pakhomo pomwepo.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndachezera nazo usiku. Matebulo atatu alipo, combo box ikutsika bwino. Koma ndikasankha phunziro n'kufuna kupita mzere wina, ikundiuza kuti You cannot add or change a record because a related record is required in table tblAna. Mwanayo alipo, ndikumuona ndi maso anga pamwambapo.

Wachitatu uja:
Tsegulaninso Link Master Fields ndi Link Child Fields, ndikukaikira kuti n'zopanda kanthu. Ngati munapanga subform musanakoke mizere ya ku Relationships, nthawi zina Access sidzaza yokha. Onaninso MwanaID mu tblKulembetsa. Access imakonda kuika 0 pa Default Value ya manambala, ndiye ikufunafuna mwana nambala 0, yemwe kulibe. Fufutani ziroyo. MwanaID ndi PhunziroID za mu tebulo lapakati zikhale Number, Long Integer, kuti zigwirizane ndi AutoNumber za matebulo akulu.

Wachinayi:
Mlembi wa pasukulu pano, zaka zambiri ndithu. Mutseke khomo lobwereza, apo ayi mwana adzapezeka ndi Masamu awiri pa teremu imodzi, avareji n'kusokonekera. Mu Design View dinani Indexes, mupange index imodzi ya zinthu zinayi pamodzi, MwanaID, PhunziroID, Chaka ndi Teremu, Unique ikhale Yes. Ena amangomanga ziwiri zoyambazo, koma mukatero teremu yachiwiri ikanidwa, ndipo mwana wobwereza Fomu 4 kuti akonze mapointi a MSCE sadzalembetsekanso.

Chinanso, Cascade Delete Related Records musaichonge pa mzere wa maphunziro. Ine ndinachonga. Tsiku lina ndinafufuta phunziro lomwe tinasiya kuphunzitsa, uthenga wochenjeza ndinangoudina osawerenga, malikisi onse a phunzirolo a zaka zam'mbuyo anapita. Kholo litabwera kudzafuna lipoti lakale, ndinakafukula makope m'katoni ku sitolo. Pano Lachisanu lililonse ndimakopera fayilo pa fulashi, makamaka poti magetsi akathima Access ikulemba, fayilo imatha kuonongeka.

Mwini funso:
Analidi ma Link aja, onse awiri mbee, ndi ziro atakhala phee pa Default Value. Tsopano zikuyenda. Ndayeserera ndapanganso fomu ina ya mbali ya aphunzitsi: yaikulu tblMaphunziro, subform tebulo lomwe lija lapakati, yolumikizidwa pa PhunziroID, combo box ya maina a ana. Aphunzitsi a Bayoloje atsegula aona ana awo onse pa mndandanda umodzi, alowetsa malikisi okha, ine ndikumwa tiyi.

Chatsala ndi zakale zija. Kodi pali njira yosamutsira mizere ya Bio, Biologe ndi abale ake kupita ku tblKulembetsa osalembanso umodziumodzi? Ndamva za Append Query, yokopera mizere kuchokera mu tebulo lina kupita mu lina, koma ndikuopa kudina Run.

Woyamba uja:
Koperani fayilo kaye. Mu tebulo lakalelo konzani maina ndi Find and Replace kuti afanane ndi a mu tblMaphunziro yatsopano, mulumikize matebulo awiriwo pa dzina, muone zotuluka mu Datasheet View. Mizere ikakwana ndi yakale, dinani Run.