Ana a chaka choyamba aloweza tanthauzo la thanzi koma ku OPD sizikutuluka

Mphunzitsi wa anamwino:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ana a chaka choyamba ophunzira unamwino, tanthauzo la thanzi lija la 1948 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, loti thanzi ndi kukhala bwino kwathunthu m'thupi, m'maganizo ndi pakati pa anthu osati kusadwala kokha, aliyense waliloweza ngati vesi la ku Sande sukulu, mayeso akhoza bwinobwino. Koma dzana ndinapita nawo ku OPD, kumene amathandiza odwala osagonekedwa m'chipatala, kunabwera mayi wina wonenepa ndithu wogulitsa mandasi mu Lilongwe momwemuno, mtsikana wanga mmodzi pofunsa mbiri akuti "madam amayiwa ndi athanzi, angobwera ndi mutu basi". Kuyeza BP, 178/104, yokwera kwambiri. Ndamufunsa athanzi bwanji, akuti onani thupilo madam. Zandiwawa chifukwa mwanayu ndi wanzeru. Ndikulakwitsa pati?

Sista wa kusikelo:
Madam simukulakwitsa, vuto lili pa mawu akewo. Kwathu munthu akanenepa timati wapeza thanzi, akaonda anthu amayamba manong'onong'o, makamaka ife tinaona zaka zija ma ARV asanabwere. Mwanayo wakula akumva zimenezo zaka 18, inu mwamuphunzitsa masabata awiri. Kuno kusikelo ndimaziona, mwana watupa chifukwa cha kunyentchera agogo ake akusangalala kuti wanenepa. Ine ma student sindiwauza zambiri, ndimati dina pamwamba pa mapazi onse awiri ndi chala masekondi atatu, akachotsa chala n'kuona kadzenje katsalira, basi sadzaiwalanso.

Namwino wa kuwodi ya abambo:
Ine asista mawu oti thanzi ndinawasiya, ndimati umoyo wabwino. Ndipo zigawo zitatu zija, thupi, maganizo ndi kakhalidwe pakati pa anthu, ndimazisandutsa mafunso oti afunse wodwala. Mukugona tulo? Dzulo mwadya chiyani? Madzi mumatunga kuti? Pakhomo muli mtendere? Ya minibasi yobwerera muli nayo? Mayi wa mandasiyo mwina amadzuka 3 koloko kukazinga, ngongole ya banki mkhonde ikumusowetsa tulo, zimenezo makina a BP sangakuuzeni.

Sista wa kusikelo:
Mafunsowo ndagwirizana nawo achimwene koma kusiya mawu oti thanzi ayi. Odwala athu ndi amene amanena, ngakhale ORS timangoti Thanzi. Mukawathawa mawuwo mwana adzakumana nawo yekha kumudzi pa health talk osadziwa poyambira. Bola awagwiritse ntchito koma adziwe kuwongola, kuti amayi kunenepa pakokha si thanzi, tiyeni tiyeze kaye.

Metroni wopuma:
Ana anga mukunena zoona nonse. Madam, mayi yemweyo akhale phunziro lanu la magawo atatu a kapewedwe ka matenda, musapite ku bolodi kaye. Loyamba, akanathandizidwa bwanji BP isanakwere, mchere wochepa, WHO imati osafika magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi kuphatikizapo uli kale mu usipa wouma ndi tokometsera ndiwo tija, mafuta ochepa, kuyenda. Lachiwiri ndi lomwe munachita dzanalo, kuyeza n'kupeza msanga asanagwe. Lachitatu mupite nawo kuwodi akaone amene anagwa sitiroko, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumulimbitsa mkono ndi mwendo. Komanso muwakumbutse kuti wodwala akhale pansi mphindi 5 asanamuyeze, kafu, lamba uja timamanga pa mkono poyeza BP, ikhale yokwana mkono wake chifukwa yaing'ono pa mkono waukulu imakweza manambala, ndipo abwereze kuyezako.

Namwino wa kuwodi ya abambo:
Amayi mwandikumbutsa, ayezanenso okhaokha mkalasi. Ife tomwe pa naiti timakhalira fanta ndi mandasi, mnzathu wina anadzipeza ali pa 150/95 tsiku lomwe ankaphunzitsa ma student kuyeza, pano akumwa mankhwala.

Mphunzitsi wa anamwino:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Kafu inali yokwana ndipo tinabwereza, inatsika pang'ono chabe, a kiliniko anawayambitsa mankhwala n'kuwalembera tsiku lobweranso m'buku lawo la kuchipatala. Ndapempha asista a pa OPD andiimbire akabwera, mtsikana yemweyo ndi amene akawafunse mafunso asanu aja ine ndili pambali. Lolemba ndibwereka makina awiri a BP, aliyense ayeze mnzake tisanatsegule buku.

Sista wa kusikelo:
Lachitatu mubwere nawo kusikelo madam, 7 koloko, amayi amafika m'mamawa.