Arduino Uno yanga ikukana kulandira pulogalamu

Moni nonse a m'gulu muno, ndikhulupirira mwaswera bwino.

Za Arduino, timabolodi tamagetsi tolandira mapulogalamu tija, ndangoziyamba kumene, ndiye mundipirire. Ndinagula Uno yotsanzira, yokhala ndi kachipu ka CH340 pafupi ndi polowetsa USB. Ndikufuna izidzayatsa pampu kudimba kwathu ku Zomba nthaka ikauma, koma ndakakamira poyambirira penipeni.

Ndikailumikiza ku laputopu, kagetsi ka ON kamayaka bwinobwino. Koma ndikati nditumize Blink, pulogalamu yophethiritsa kagetsi ka pa pini 13 ija, imazengereza kenako n'kulemba kuti "avrdude: stk500_recv(): programmer is not responding".

Dalaivala ya CH340 ndinaika ndipo COM4, dzina la polumikizira Uno pa laputopu, ikuoneka. Chingwe ndasintha kawiri, pa Tools mu Arduino IDE, pulogalamu yolembera ndi kutumizira ija, ndasankha Arduino Uno, pa pini 0 ndi 1 palibe waya uliwonse. Reset ndiye ndadina mpaka chala kuwawa. Ndili pa Windows 10 ndi Arduino IDE 2.

Kodi mwina bootloader, kapulogalamu ka m'chipu kolandirira mapulogalamu atsopano kaja, inafufutika? Mnzanga ali ndi Uno yabwinobwino, ndingaigwiritse ntchito kubwezeretsa yanga? Ngati n'zotheka, mawaya ndilumikize bwanji? ATmega328P yanga, chipu yaikulu ya pa bolodi ija, ndi yomatira, yosazuka, ndiye kusintha chipu sindingathe.

Zikomo kwambiri.