Nyamakazi ya bondo, tendon nayo yaduka: kamodzi kapena kawiri?

Wamafupa: Akuluakulu, msanga chonde. Agogo a zaka 68, a shuga, nyamakazi ya bondo grade 4 (yofika poipa kwambiri), amadikira TKR (opareshoni yoika bondo lachitsulo). Agwa potsika kombi m'tauni muno mu Harare masiku 5 apitawo. Mwendo sakuutukula wowongoka, pamwamba pa patella (kafupa ka kutsogolo kwa bondo) pali dzenje lolowa chala, pa X-ray patella yatsika. Quadriceps tendon (mtsempha wolumikiza minofu ya ntchafu ku patella) yaduka. Ana awo akuti ndalama ilipo ya opareshoni imodzi basi. Ndichite zonse kamodzi, kusoka tendon ndi TKR?

Mkulu wa theatre: Ayi achimwene. Sokani tendon sabata ino, isanathawire m'ntchafu. Kasokedwe ka Krackow, ulusi wa Ethibond 5, mabowo atatu mu patella, brace (chomangira bondo) yokhoma mwendo uli wowongoka kwa masabata 6. TKR imafuna bondo lipindidwe mawa lake, tendon yosoka imafuna lisapindidwe. Mukaphatikiza, china chilephera: kaya bondo liuma, kaya ulusi uduka.

Kamodzi (wofuna zonse zichitike kamodzi): Ndiye ndalama yachiwiri ichokera kuti? Mwatsegula kale, malizani. Patella osaidula, sokani pomaliza.

Mkulu wa theatre: Osaidula n'zoona, chifukwa fupa likatsala lochepera 12 mm n'kuliboolanso katatu, limasweka. Koma trial zanu (zitsulo zoyesera musanaike zenizeni) mupinda nazo bwanji pa tendon yoduka? Ndipo zosokazo zikamasuka pamwamba pa chitsulo, mwalowa za mesh (kaukonde kolumikizira tendon) ndi chikhakha cha masabata 12.

Fizio (wa mafizo): Adokotala, afunseni kaye anabayidwa liti steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) m'bondomo. Ngati miyezi itatu sinathe, chitsulo chidikire, mafinya sachedwa. HbA1c (kuyeza shuga wa miyezi yapitayi), CRP (kuyeza kutupa m'thupi) ndi impso mwaona? Tendon siduka wamba pa msinkhu uwu. Funsaninso za ciprofloxacin, mankhwala omwe amatha kufooketsa tendon, anthu amangomwa akamva kutentha pokodza.

Kamodzi: Zonsezo ndamva, koma agogowa kuwagoneka kawiri ndi shuga wawoyo? Kamodzi basi.

Fizio: Inu simuwaona pa sabata lachitatu. Brace amavula usiku ati ikuyabwa, m'mawa n'kunjuta kuchimbudzi. Akabwera, lag (kulephera kuwongola bondo mokwanira paokha) ya madigiri 30. Popanda mpando wokwera kuchimbudzi ndi mwana wowayang'anira, musayambe n'komwe.

Kamodzi: Lag imabweranso ngakhale mutachita kawiri.

Sisita: Tourniquet (lamba woletsa magazi pa ntchafu) muziphwetsa musanamange ulusi, imagwira quadriceps, tendon sitsika bwino. Komanso brace ya hinge ya ntchafu yaikulu, alipo akudziwa koipeza? Zomwe zili mu store ndi medium zokhazokha.