Thandizeni: ndikusaka zolemba za Waheedul Haq

Moni nonse abale ndi alongo pagulu pano.

Ndikukonza pulogalamu ya pa wailesi yokhudza Waheedul Haq wa ku Bangladesh, mtolankhani komanso katswiri wa nyimbo za Rabindranath Tagore (mlakatuli wotchuka wa Chibengali). Haq anabadwa mu 1933 n'kumwalira mu 2007 ku Dhaka. Ndi mmodzi mwa omwe anayambitsa bungwe la zachikhalidwe la Chhayanaut mu 1961, dzikolo likadali East Pakistan. Chandikoka mtima kwambiri n'chakuti boma litaletsa nyimbo za Tagore pa wailesi mu 1967, iye ndi anzake a m'bungweli sanagonje. Chaka chomwecho bungweli linayamba kulandira chaka chatsopano cha Chibengali ndi nyimbo pansi pa mtengo m'paki ya Ramna ku Dhaka, mwambo womwe ukuchitikabe pa 14 Epulo.

Vuto n'lakuti zambiri zomwe analemba zili m'Chibengali. Makina omasulira a pa intaneti akungondipatsa phala losamveka, makamaka pa nkhani za nyimbo. Kulaibulale kulibe kanthu. Ndafufuzanso nkhani zakale za nyuzipepala ya The Daily Star, komwe ankagwira ntchito, koma ndikungopeza zomulira atamwalira, osati mawu ake enieni.

Kodi alipo amene ali ndi zolemba zake za m'Chingerezi? Kapena mukudziwa munthu wolankhula Chibengali woti angandimasulire masamba angapo? Kangachepe kolipira kalipo.